Njanji Ikwere, Itsike, Kapena Msewu Ndiwo Usunthe? Zimene Mzinda wa Melbourne Waona

Mumzinda wa Melbourne, ku Australia, munali misewu ina yomwe m'mawa, kuyambira 7 koloko mpaka 9 koloko, mpiringidzo wa panjanji unkakhala wotseka kwa mphindi zopitirira 80 pa mphindi 120. Belu likalira, magetsi ofiira n'kuyamba kuphethira, mpiringidzo n'kutsika. Sitima yopita m'tauni idutsa, anthu ayembekeza kuti tsopano atsegula, koma belu silileka chifukwa ina yochokera m'tauni ili pafupi. Pamene ikudutsa imeneyo, yachitatu yanyamuka kale pasiteshoni yapafupi. Mumzere umenewo mwaima basi yodzaza ana asukulu, lole ya katundu, ndi ambulansi yomwe ikuliza chabe chifukwa palibe poti ipyole. Cha m'mbali, munthu woyenda pansi akuona sitima yake ikufika tsidya linalo, ndipo mtima ukumuuza kuti angodumpha.

Vuto lenileni linali lakuti mbali ziwirizi zinamangana miyendo. Anthu okwera sitima ankachuluka chaka ndi chaka, koma kuwonjezera sitima kukanatanthauza kutsekeratu msewu m'mawa wonse. Motero sitima zinkadzaza thothotho, misewu nayonso ili yothithikana, ndipo palibe mbali yomwe ikanapuma popanda kufinya inzake.

Mu Novembala 2014 chipani cha Labor, motsogozedwa ndi Daniel Andrews, chinapambana chisankho m'chigawo cha Victoria, momwe muli Melbourne, chitalonjeza kuchotsa malo 50 otere, pomwe njanji ndi msewu zimakumana, pofika 2022. Chiwerengerocho chinakwera kufika pa 75, kenaka 85, ndipo mu 2022 boma linaika cholinga cha malo 110 pofika 2030. Zoti mipiringidzo ichoke, anthu ambiri sanatsutse. Mkangano womwe unagawa anthu okhala khomo ndi khomo unali wakuti ichoke motani. Njira zake zilipo zingapo, ndipo Melbourne yaziyesa pafupifupi zonse, n'chifukwa chake ndi malo abwino oziyerekezera.

Pali chinthu chimodzi chimene chimalamula zonse: sitima sikwera chitunda. Magudumu achitsulo pa njanji yachitsulo amaterera, ndiye mainjiniya salola kuti njanji ikwere kapena kutsika kupitirira pafupifupi mamita awiri pa mamita 100 aliwonse, makamaka ngati pamadutsanso sitima zolemera za katundu. Kuti sitima yamagetsi ipite pansi pa msewu pamodzi ndi mawaya ake apamwamba, iyenera kutsika mamita asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Mukawerengetsa, mupeza kuti pafunika mamita oposa 300 otsikira ndi enanso oposa 300 okwerera, osawerengera siteshoni ngati ili pomwepo. Galimoto ilibe vuto limeneli, imakwera chitunda chachifupi bwinobwino. Choncho kusuntha njanji ndi ntchito yaitali ndi yodula, kusuntha msewu ndi ntchito yaifupi. Koma kufupika kwa ntchito si kumene kumanena ngati dera likhale labwino kukhalamo ikatha.

Kutsitsa njanji m'ngalande

Iyi ndiyo njira yomwe eni nyumba ambiri amaifuna akangomva kuti ntchito ikubwera kwawo. Amakumba chingalande chachikulu chokhala ndi makoma a konkire mbali zonse, njanji n'kutsikiramo, msewu n'kudutsa pamwamba mosakwera konse. Malo oyamba kuchotsedwa pa ndondomekoyi, pa Burke Road pafupi ndi siteshoni ya Gardiner, anachotsedwa chonchi kumayambiriro kwa 2016. Chaka chomwecho anakumbanso ku Ormond, McKinnon ndi Bentleigh pa njanji yopita ku Frankston, komanso ku St Albans, kumene anthu anali atataya miyoyo panjanji kwa zaka zambiri.

Ubwino wake umaoneka ndi maso. Mukaima pamsewu wa mashopu ku Bentleigh lero, sitima simuiona. Mumangoona khomo la siteshoni ndi mpanda, kenaka kamkokomo kochokera pansi. Palibe chimene chikutchinga dzuwa pakhomo pa munthu, palibe wokwera sitima amene akusuzumira kuseri kwa nyumba yake. Dera limaoneka monga linalili, kungoti belu lija latha.

Koma walira mvula walira matope. Kuti akumbe masiteshoni atatu aja a Ormond, McKinnon ndi Bentleigh, anatseka chigawo chimenecho cha njanji kwa masiku 37 pakati pa 2016. Anthu zikwizikwi ankakwera mabasi m'malo mwa sitima, pomwe malole ankatuta dothi usana ndi usiku m'timisewu ta m'makomo. Asanakumbe n'komwe, mapaipi a madzi, a zonyansa, a gasi ndi mawaya a mafoni omwe adutsa pansi pa njanji amayenera kusunthidwa kaye, ndipo ntchito yosaonekayi imadya ndalama ndi miyezi. Mitengo ya m'mphepete mwa njanji nayo sipulumuka kwenikweni, chifukwa makina oboola pansi amafuna malo ndipo mizu imadulidwa.

Mdani wamkulu wa ngalande ndi madzi. Kumene madzi apansi ali pafupi, ngalandeyo imakhala ngati beseni lopanda kanthu lomwe mukulikankhira mumtsinje: madzi amalikankha kuti liyandame, ndipo pakangopezeka kamng'alu alowa. Ndiye pansi pake pamafunika konkire yochindikala, ndi mapampu omwe adzagwira ntchito kwa zaka zonse zomwe njanjiyo idzakhalepo. Mvula yamphamvu ikagwa magetsi n'kuthima, sitima ziima.

Ku Edithvale ndi Bonbeach nkhani ya madziyi inafika pena. Maderawa ali pa kamtunda ka mchenga kopapatiza, mbali ina kuli gombe la Port Phillip, mbali ina kuli madambo a Edithvale-Seaford omwe ndi otetezedwa pa mgwirizano wa mayiko wa Ramsar chifukwa cha mbalame zake. Madzi apansi amayenda kudutsa mumchengamo, ndipo panali mantha akuti makoma a ngalande awatchinga, mbali ina madzi n'kukwera, mbali ina n'kutsika. Boma linachita kafukufuku wapadera wa zachilengedwe lisanaloledwe kukumba, ndipo ngalandezo zinatha mu 2021 zili ndi njira zolambalalitsira madziwo. Zinatheka, koma pa mtengo wake.

Chimene chimandivuta kwambiri pa ngalande si ndalama. Ndi chakuti ikatha, dera limakhalabe logawanika. Msewu waukulu wadutsa, inde, koma kumanzere ndi kumanja kwake kuli dzenje lalitali mamita mazanamazana, lotchingidwa ndi mpanda. Mayi yemwe nyumba yake ili pakatikati, sukulu ya mwana wake ili tsidya linalo, ayenera kuzungulirabe mpaka pamlatho. Anthu ena amati, bwanji osangoifolera yonse n'kubzala kapinga pamwamba? Kungoti ngalande ikafoleredwa mtunda wautali imasanduka mphanga, ndipo pamenepo malamulo amafuna zotulutsira utsi ndi makomo othawira moto ukabuka. Mtengo umakwera mpaka kukhala nkhani ina.

Kukweza njanji pa zipilala

Mu Febuluwale 2016 boma litalengeza kuti pakati pa Caulfield ndi Dandenong lichotsa malo asanu ndi anayi pokweza njanji m'mwamba, anthu a ku Carnegie, Murrumbeena ndi Hughesdale anapsa mtima kwambiri. Ambiri ankayembekeza ngalande. Zikwangwani zokana zinakhomedwa pamipanda, zionetsero zinachitika, ndipo dzina loti skyrail linayamba kumveka ngati chitonzo.

Madandaulo awo sanali achabe. M'chigawo chimenechi malo a njanji ndi opapatiza, nyumba zina zinagundana ndi mpanda wa njanji. Munthu yemwe kuseri kwa nyumba yake kunali thambo lokha anadzuka n'kupeza chimlatho cha konkire chotalika ngati nyumba yosanjikizana katatu, chikutchinga dzuwa m'dimba mwake. Boma lenilenilo linavomereza kuti ena apwetekedwa, moti linapereka mwayi wogula nyumba za iwo omwe anayandikitsitsa ngati afuna kusamuka. Munthu akasiya nyumba yomwe analereramo ana, ndalama sizibweza zonse, ndipo aliyense woyamikira njira iyi asamaiwale zimenezo.

Nanga boma linaumiriranji? Njanji imeneyi ndi imodzi mwa zotanganidwa kwambiri mumzindawo. Imanyamula anthu a ku Cranbourne ndi Pakenham, sitima zopita kutali ku Gippsland, ndi za katundu. Kuitseka miyezi yambiri kuti akumbe kukanasokoneza mbali yonse ya kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda. Zipilala zimatha kumangidwa m'mbali sitima zikuyendabe pansi. Ku Murrumbeena, kumene kunalibe malo oimika makina onyamulira, zidutswa za mlatho zinkakwezedwa pamalo amodzi n'kumayendetsedwa pamwamba pa mlatho womwewo kukaikidwa kutsogolo. Mapaipi apansi ambiri sanakhudzidwe, ndipo madzi amvula amangodziyendera okha popanda pampu.

Ntchitoyo inatha mu 2018, ndipo chimene chinatsala pansi ndicho chimandichititsa kuikonda njirayi. Pomwe panali miyala ya njanji ndi mpanda wawaya, panatseguka malo okwana mahekitala 22 ndi theka. Panadutsa njira ya oyenda pansi ndi apanjinga yotchedwa Djerring Trail. Pansi pa mlatho pali mabwalo a mpira wa manja, matebulo a tenisi, zitsulo zolimbitsira thupi, poimika magalimoto, ndi malo oyendetsako agalu. Madzulo mupeza anyamata akuponya mpira mu dengu sitima ikudutsa pamwamba pa mitu yawo, gogo akukankha ngolo yake ya zogula kuchoka mbali ina ya njanji kupita ina pamalo pomwe kale akanazungulira ulendo wautali. Munthu amawoloka paliponse pamene wafuna. Ngalande singapereke zimenezi ngakhale itamangidwa mwaluso chotani.

Za phokoso, zoona zake zili pakatikati. Belu latha, ndipo woyendetsa sitima salizanso hutala pa msewu uliwonse. Mlatho uli ndi zotchinga phokoso m'mbali. Komabe phokoso lochokera m'mwamba limafika kutali kusiyana ndi lochokera m'dzenje, ndipo amene chipinda chake chogona chili m'mwamba moyang'anana ndi njanji amamva sitima yoyamba ya m'bandakucha.

Pali malo ena pomwe funso silikhalapo n'komwe. Ku Carrum njanji imawoloka mtsinje wa Patterson pafupi penipeni ndi siteshoni. Singatsike pansi n'kukweranso msanga kuti iwoloke mtsinjewo, ndiye anaikweza, ndipo siteshoni yatsopano inatsegulidwa mu 2020. Taonani kuti Carrum ndi Bonbeach n'zoyandikana pa njanji imodzi, koma kwina anakweza, kwina anakumba. Ku Reservoir, Coburg ndi Preston anakwezanso, ndipo ku Coburg ndi Moreland nyumba zakale za siteshoni anazisunga pansi pomwe zinali.

Njira iyi imalephera ngati pansi pake pangosiyidwa. Mlatho wopanda magetsi ounikira, wopanda woutchetchera ndi kuusesa, umasanduka malo amdima omwe amayi amaopa kudutsa usiku. Ndiye khonsolo ndi boma ayenera kugwirizana zisanayambe: adzasamala ndani, ndi ndalama za ndani.

Kukweza msewu pamwamba pa njanji

Kawirikawiri iyi ndiyo yotsika mtengo ndiponso yofulumira, chifukwa njanji siikhudzidwa kwenikweni ndipo sitima zimangoima masiku ochepa poika mitanda ya mlatho. Amene anafikako ku Lusaka amaidziwa: Church Road ndi Independence Avenue zimakwera pamwamba pa njanji polowa pakati pa mzinda. Ku Melbourne anachita chonchi pa Thompsons Road ku Lyndhurst ndi pa Melton Highway ku Sydenham, m'madera a kunja kwa mzinda kumene misewu ndi yotakasuka ndipo nyumba zili patali ndi msewu. Kumeneko ndi njira yoyenera, ndipo sindiona chifukwa chowonongera ndalama zambiri pa ina.

Koma muibweretse pa msewu wa mashopu, muone. Chitunda cha mlatho chimayambira patali, ndiye mashopu omwe anali m'mphepete mwa msewu amapezeka ali m'munsi mwa khoma, magalimoto akudutsa pamwamba osaima. Wogulitsa buledi yemwe ankadalira anthu otsika sitima watsala pa kamsewu kosapita kulikonse. Woyenda pansi, wokalamba, kapena wa pa njinga ya aulumali ayenera kukwera chitunda chachitali pambali pa malole, kapena kulowa m'kanjira ka pansi. Melbourne inaphunzira izi kale. Milatho yomwe inamangidwa m'zaka za m'ma 1960 ku Oakleigh, Sunshine ndi Newport inathandiza magalimoto, koma inadula pakati malo amalonda a m'maderawo, ndipo chilemacho chikuonekabe mpaka lero.

Kutsitsa msewu pansi pa njanji

Anachita pa Clyde Road ku Berwick, ndipo msewu unatsegulidwa mu 2022. Maonekedwe ake savuta maso, popeza palibe chokwera m'mwamba. Mavuto ake ndi awiri. Loyamba ndi madzi omwe aja: msewu wotsika ndi chithaphwi chodikira mvula, ndipo umadalira mapampu. Lachiwiri ndi msinkhu wa malole. Anthu a ku Melbourne amaudziwa mlatho wakale wa pa Montague Street, wotalika mamita atatu okha, womwe malole akhala akuugunda kwa zaka zambiri ngakhale pali zikwangwani zochenjeza. Misewu yatsopano amaikumba mozama kuposa pamenepo, koma kuzama kumeneko kumatalikitsa mtsetse, ndipo makomo a nyumba ndi timisewu ta m'mbali timatsekeka monga zimachitikira ndi mlatho wa msewu.

Nthawi zina amagawana: njanji ikwere pang'ono, msewu utsike pang'ono. Ndi mmene anachitira pa Seaford Road. Mlatho sutalika kwambiri, dzenje silizama kufika pa madzi.

Kungotseka msewu

Pa chiwerengero cha malo ochotsedwa, ena sanamangidwe mlatho wa magalimoto kapena ngalande ayi. Msewu unangotsekedwa, magalimoto n'kuuzidwa kuti adzere kwina. Pa kamsewu kakang'ono komwe kali pafupi ndi msewu wina wokonzedwa kale, zimenezi n'zomveka, bola oyenda pansi ndi apanjinga apatsidwe powolokera pawo. Koma pamene boma linanena kuti litseka Champion Road ku Newport, anthu ndi khonsolo ya Hobsons Bay anakana kwamtuwagalu, ponena kuti msewuwo ndi umodzi mwa yochepa yolumikiza Newport ndi Williamstown, ndipo magalimoto onse akaunjikana pa misewu yotsala. Ine ndimaona kuti dandaulo lotere ndi lolemera. Kutseka msewu kumachotsa ngozi, koma kuthithikana kumangosamutsidwira pakhomo pa anthu ena, ndipo anthu amenewo ayenera kuuzidwa zoona poyera, osati kuwawerengera ngati apindula.

Ndalama, ndi funso loti kuthithikana kumathadi

Poyamba ankati malo 50 adya pakati pa madola a ku Australia 5 biliyoni ndi 6 biliyoni. Pofika Disembala 2017, mkulu wolondoloza ndalama za boma m'chigawo cha Victoria anapeza kuti mtengo wafika pa 8.3 biliyoni. Gawo lalikulu la ndalamazo linachokera pobwereketsa doko la Melbourne kwa zaka 50, zomwe zinabweretsa madola 9.7 biliyoni mu 2016. Mtengo umakwera chifukwa kawirikawiri simuchotsa mpiringidzo wokha: njanji ikakwera kapena kutsika, siteshoni yonse imangidwanso, ndi zikepe zake, masitepe, mawaya ndi zizindikiro zoyendetsera sitima.

Tsono amene akuganiza kuti mpiringidzo ukachoka ndiye kuti mzere wa magalimoto watha mpaka kalekale, aziyembekezera pang'ono. Miyezi yoyamba msewu umayenda bwino ndithu. Kenaka madalaivala omwe ankauthawa n'kumadzera njira zina amabwerera, ena omwe ankanyamuka m'mamawa ayamba kunyamuka nthawi yabwino, ndipo mzere uja umakapezeka pa maloboti otsatira. Phindu lomwe silibwerera m'mbuyo ndi lina. Ulendo umadziwika kutalika kwake, chifukwa palibenso zodikira sitima zitatu zotsatizana. Basi imasunga nthawi. Ambulansi imadutsa. Sitima zitha kuwonjezeredwa popanda kutseka dera lonse. Ndipo pamalo pomwe njanji ndi msewu sizikumananso, palibenso galimoto yogundidwa ndi sitima. Pa Union Road ku Surrey Hills, amayi awiri anafera m'galimoto yomwe inagundidwa ndi sitima mu 2016. Malo amenewo anachotsedwa mu 2023 pokumba ngalande, ndipo masiteshoni awiri oyandikana, Surrey Hills ndi Mont Albert, anaphatikizidwa kukhala imodzi yotchedwa Union, chinthu chomwe chinawawa ena omwe tsopano amayenda mtunda wotalikirapo kuti akakwere sitima.

Nditafunsidwa kuti ndisankhe, pa msewu wa mashopu wokhala ndi siteshoni ndingayambe kuyang'ana njanji yokwezedwa, makamaka ngati pali misewu ingapo yoyandikana yomwe mlatho umodzi ungaidumphe yonse, kapena ngati madzi apansi ali pafupi. Ndingaisiye n'kusankha ngalande pamene njanji ili kale pa kachitunda koti kutsika n'kosavuta, nthaka ili youma, ndipo nyumba zayandikira kwambiri moti mlatho ungaziphimbe. Mlatho wa msewu ndingausiyire madera a mafakitale ndi a kunja kwa mzinda. Pa njira iliyonse, pulani ikabwera kudera lanu, musayambe ndi chithunzi chokongola cha siteshoni. Ikani chala pa nyumba yanu, china pa sukulu kapena pa chipatala cha tsidya linalo, muone kuti mwana kapena gogo adzadzera pati, adzakwera masitepe angati, ndipo chikepe chikafa adzatani.

Funso linanso loyenera kufunsa msanga ndi lakuti malo anu asankhidwa chifukwa chiyani, kapena asiyidwa chifukwa chiyani. Lipoti lija la 2017 linapeza kuti si malo onse 50 oyamba omwe anali m'gulu la oopsa ndi othithikana kwambiri, ndipo linadzudzula kuti zifukwa zosankhira sizinafotokozedwe mokwanira. Mndandandawo unali lonjezo la pa chisankho usanaunikidwe mokwanira ndi akatswiri. Pambuyo pake boma linakonza ndondomeko yoyezera malo potengera ngozi, kuchuluka kwa magalimoto ndi sitima, komanso ubwino wochotsa malo oyandikana nthawi imodzi, ndipo ndiyo inagwiritsidwa ntchito posankha malo 25 omwe anawonjezeredwa mu 2018.